Azakhali ndi Tinsalu ta Kamtanda Kofiira

Azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, achapa nsalu za pa guwa la tchalitchi chathu kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi. Ine mutu wanga sugona ukaona nambala, choncho tsiku lina makasitomala atachepa m'golosale yanga ndinachulukitsa pa katoni ya sopo: masabata 1,612. Pa onsewo anajomba anayi okha, awiri pa maliro a amuna awo, awiri atagonekedwa m'chipatala ndi chibayo. Pa parishi palibe amene amawatchula dzina lawo lenileni. Onse amati Anasimbi, chifukwa ukadutsa kwawo Lachinayi umawapeza pakhonde akugwedeza simbi ya makala kuti moto ukolere, milomo ikuyenda yokha ndi mapemphero.

Sukulu anailekezera m'kalasi yachitatu. Anakwatiwa ndi kalipentala, munthu wosalankhulalankhula amene anakhoma mabenchi onse a m'tchalitchimo. Ntchito ya nsalu inawapeza chifukwa cha malaya a amuna awowo. Bambo mfumu a nthawi imeneyo, amene anthu ankawatcha Bambo a Njinga, anabwera kudzaona mabenchi, koma maso awo anakakamira pa kolala ya kalipentala.

"Amakusitirani ndani malaya, inu amisiri? Munthu wa m'utuchi kumaoneka ngati akukafunsira mbeta?"

"Ndi mayi akunyumba, Bambo."

"Abwere Lolemba."

Lolembalo Bambo a Njinga anawaphunzitsa zimene azakhali sanazisinthe mpaka lero. Nsalu zazikulu zoyala pa guwa zilibe nkhani, zimachapidwa ngati nsalu ina iliyonse yolemekezeka. Nkhani ili pa tinsalu ting'onoting'ono toyera, tokhala ndi kamtanda kofiira pakati, timene wansembe amapukutira chikho pa Misa. Ife timakhulupirira kuti chimene chili m'chikhomo si vinyo wamba ayi, ndiye kansalu kamene kachikhudza sikangoponyedwa mu thovu. Kamayamba kaviikidwa m'madzi oyera opanda sopo, m'beseni losagwira ntchito ina iliyonse, kawiri. Madzi oyambawo sathiridwa m'ngalande kapena m'paipi. Amakathiridwa pa dothi, kuseri kwa tchalitchi, pakona pamene kalipentala anazunguliza njerwa kuti pasaponde phazi. Zikatha izi, m'pamene sopo amayamba ntchito yake. Kenako kusita tisanaumitsitse, n'kupinda patatu, n'kupindanso.

Bambo a Njinga ine ndinawaona ali okalamba kale. Ankadziwa mayina a agalu a m'mudzi. Ofesi yawo inali benchi ya pakhonde: pomwepo ankayanjanitsa mabanja, ankawerengera anthu makalata, ankakalipira oledzera. Wodwala akadwalika usiku kapena masana, njinga inkakhala yatulukira kale pa geti uthenga usanathe kunenedwa. Lolemba lililonse, azakhali akamathira madzi pakona paja, iwo ankabwera kudzaima pambali atavula chipewa. Madzi akalowa pansi, ankavala chipewa n'kumapita.

Atamwalira, panadutsa ansembe atatu, kenako kunabwera amene tili nawowa. Anthu anawapatsa dzina sabata yoyamba: a Mafoni, chifukwa amayenda ndi awiri, ndipo imodzi ikangokhala chete inayo imalira. Ndinene chilungamo, munthuyu si waulesi. Ali yekha, ndipo nthambi za parishi ndi khumi ndi zinayi. Akuluakulu awo anawauza kuti parishi izidzidalira. M'zaka zitatu anamanga nyumba ya alendo ya zipinda khumi ndi ziwiri, chigayo, holo yochititsa misonkhano ndi khola la nkhumba makumi anayi. Benchi ya pakhonde inachotsedwa, pamalo pake panabwera chitseko chagalasi ndi chikwangwani: owonana ndi Bambo, Lachiwiri ndi Lachinayi, alembetse kwa mlembi. Kulapa, Loweruka, mphindi makumi atatu.

Ine ndinkawakonda. Golosale yanga ili moyang'anizana ndi geti, ndipo kuyambira pamene nyumba ya alendo inatsegulidwa, anthu olowa pakhomo panga anachuluka katatu. Makandulo a m'tchalitchi ndi sopo waufa wa kunyumba ya alendo ndimapereka ndine. Okalamba akamadandaula kuti ansembe a masiku ano amawaona pa galasi la galimoto basi, ine ndinkawaseka.

"Agogo, mukufuna azikhala pakhonde kumawerenga agalu? Dziko lathamanga."

Tsiku lina a Mafoni anaima pa golosale kugula madzi akumwa. Maso anali ofiira ngati munthu amene sanagone, ndipo anakhala pa kreti popanda kuitanidwa.

"Azakhali ako aja akalamba," anatero. "Dzulo nsalu ya pa guwa yabwera ndi chibowo cha khala, chachikulu ngati chala. Mwezi watha zinafika Loweruka madzulo, ine mtima uli m'mwamba. Ndiwauza bwanji munthu wamkulu ngati uja?"

Apa m'pamene pakamwa panga panathamanga kuposa nzeru. Ndinkadziwa makina ochapira a kunyumba ya alendo chifukwa sopo wake ndimabweretsa ndine.

"Bambo, makina aja amanyamula makilo asanu ndi awiri, mphindi makumi anayi ndi zisanu basi. Lolemba amazungulira kasanu, ndipo ulendo womaliza amakhala osadzadza. Nsalu zonse za m'tchalitchi sizikwana makilo awiri. Azakhali zimawatengera masiku anayi."

Anandiyang'ana, n'kuseka koyamba tsiku limenelo. "Uli ndi mutu iwe. Anthu ngati iwe akanakhala khumi, parishi ino ikanauluka."

Ndinayenda tsiku lonse phewa lili m'mwamba. Mumtima ndinkati ndawapumitsa azakhali. Za tinsalu ta kamtanda sindinaziganizire n'komwe, ine amene ndinakula ndikuona beseni loyera lija litapachikidwa lokha pa msomali, ndipo ndinamenyedwapo mbama nditafuna kusambiramo m'manja.

Lamulungu lotsatira, pa nthawi ya zolengeza, anawerenga kalata yothokoza Anasimbi chifukwa cha ntchito ya zaka zambiri. Anthu anaomba m'manja, amayi analuluta. Azakhali makutu awo analema pang'ono, ndiye anangomva dzina lawo n'kumwetulira. Lolemba m'mawa anapita ndi beseni lawo monga mwa masiku onse, n'kupeza loko wa kachipinda kovalira ansembe atasinthidwa. Anabwera pa golosale ataika beseni m'khwapa.

"Iwe, akuti nsalu zikuchapidwa ndi makina?"

"Eee, azakhali. Mupumule. Manja anuwo atopa."

"Anakuuza ndani kuti atopa? Unawafunsa?" Anasamutsira beseni m'khwapa linalo. "Chabwino, makina achape. Nanga madzi oyamba akupita kuti?"

Ndinayamba kusanja mabisiketi amene anali osanjika kale.

Lolemba lotsatira ndinanyamula thumba la sopo ndekha kupita kuchipinda chochapira. Loweruka kunali ukwati m'holo, ndipo alendo anagona zipinda zonse. Fungo linandilandira ndisanalowe. Pasimenti panali mulu wofika m'mawondo: nsalu zoyala pa bedi zachinyezi, zina zamadontho a mowa, ina ya masanzi ouma amene wina anayesa kuwabisa popinda, matawulo okhala ndi tsitsi ndi mafuta odzola, nsalu za pa matebulo zodzadza msuzi. Pamwamba pa muluwo, katamatirira ku tawulo limene munthu anapukutira nsapato, panali kansalu koyera. Kamtanda kofiira kankaoneka bwinobwino.

Mayi wochapa kumeneko ndi munthu wabwino, wa mpingo wina, ndipo palibe anamuuza kalikonse. Anandiona nditaima chilili.

"Bwanji achimwene, mwaona njoka?"

"Mayi, timeneti mumatichapira limodzi ndi izi?"

"Nanga? Zoyera ndi zoyera, zamitundu ndi zamitundu. Ndi mmene anandiphunzitsira. Timipango timeneti n'tovuta, timabisala m'mapilo. Kena ndinakapeza Lachitatu m'chipinda chachisanu, mlendo akupukutira magalasi."

Anawerama, n'kukumbatira mulu wonse, n'kuukankhira m'makina ndi bondo.

Ndinatuluka n'kulondola paipi ya madzi otayika. Inadutsa pansi pa khoma n'kukatulukira m'ngalande, mapazi makumi awiri ndi asanu kuchokera pa chitseko. Ngalandeyo imalandiranso madzi otsukira khola la nkhumba. Pakamwa pa paipi panali matope akuda, a thovu pamwamba, ntchentche zili ng'waa. Makina atayamba kutaya, madzi otuwa anatuluka mwamphamvu, ndipo nkhumba ina inatulutsa mphuno pa mpata wa matabwa n'kuyamba kunyambita. Ndinalavula.

Ndinawauza azakhali zonse, kuphatikizapo kuti nzeruyo inali yanga. Ndinkayembekezera mbama ina. Anangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwana wa achimwene, iwe ukanapezeka pa mtanda paja ukanawerenga misomali."

M'mawa mwake, Lachiwiri, anavala diresi lawo la ku Misa n'kupita ku ofesi. Mlembi anawalembetsa, nambala khumi ndi chimodzi. Anakhala pa mpando wapulasitiki kuyambira eyiti koloko mpaka wanu. Patsogolo pawo panali womanga, wogulitsa chakudya cha nkhumba, anthu awiri ofuna holo, ndi mkulu wa bungwe lina amene sanalembetse koma analowa. Atafika pa nambala seveni, a Mafoni anatuluka makiyi ali m'manja.

"Aa, amayi athu! Muli bwanji? Tikumana, tikumana."

Galimoto inalira. Lachinayi anali ku msonkhano wa masiku atatu. Sabata inayo anali ku nthambi zakutali. Ine ndinayesa kuwaimbira, foni yoyamba inali pa mzere wina, yachiwiri anayankha kuti, "Tumiza uthenga, ndili m'kati." Ndinatumiza mauthenga anayi. Mlembi anati nkhani za nsalu ndi za komiti, ndipo komiti imakumana pakatha miyezi itatu. Uku Lolemba lililonse makina ankazungulira. Azakhali anasiya kudya bwino. Ndikamatsegula golosale Lolemba ndinkawaona ataima pa mpanda wa nyumba ya alendo, akumvetsera phokoso la makina ndi makutu awo olemawo.

Sabata yachisanu ananditumira uthenga kuti Loweruka nditseke msanga, ndiwaperekeze kolapa.

"Mwachimwa chiyani, azakhali, inu osatuluka pakhomo?"

"Khala chete. Pa parishi yonse ino pali malo amodzi okha pamene munthu uja amakhala pansi, foni itazimitsidwa, ndipo sangathawe mpaka iwe utamaliza."

Tinafika ola lathunthu nthawi isanakwane kuti akhale oyamba. Kumbuyo kwathu kunaima anthu khumi ndi asanu ndi awiri. Ndinagawa m'mutu: mphindi makumi atatu, anthu onsewa, aliyense sakwana mphindi ziwiri. A Mafoni anabwera mothamanga, n'kulowa m'kanyumba kolapira, n'kukoka katani. Azakhali anagwada. Munthu wosamva bwino amaganiza kuti akunong'ona pamene akufuula, choncho tonse pa mzere tinamva, ngakhale tinayang'ana kudenga ngati sitikumva.

"Bambo, ndachimwa. Kwa masabata asanu ndakwiyira wansembe, ndipo usiku ndimamutukwana mumtima."

Mkati munamveka kung'ung'udza.

"Mwati chiyani? Kwezani mawu. Eee, ndi inuyo."

Mayi wina pa mzere anatsokomola n'kubisa nkhope m'mpango. Azakhali anafotokoza zonse mwadongosolo: mulu, masanzi, tawulo la nsapato, paipi, nkhumba. Zinawatengera mphindi zisanu ndi zinayi. Kenako mawu a Bambo anamveka, okwezedwa kuti gonthi amve.

"Amayi, ndamva. Koma zimene ndamvera muno sindingatuluke nazo panja. Ndi lamulo, mukulidziwa. Sindingachitepo kanthu pa nkhani yomvera molapa. Mubwere ku ofesi mudzandiuze."

"Ku ofesi?"

"Lachiwiri. Mulembetse kwa mlembi."

Ndinamva ngati wina wandithira madzi a m'ngalande muja kumaso. Bamboyo sananame, lamulolo lilipo. Koma kulitenga lamulo loikidwa kuti liteteze wochimwa n'kulisandutsa loko wina wa pa chitseko! Mwamuna wina wachikulire amene anali kumbuyo kwanga anangoti, "Mhm," n'kutuluka pa mzere osalapa.

Azakhali anadzuka, mawondo akulira. Sanapite kukagwada pa benchi monga amachitira amene alapa. Anaima pafupi ndi katani, manja kumbuyo, ngati mlonda. Anthu analowa n'kutuluka, machimo awo afupiafupi. Nthawi itakwana katani inatseguka, a Mafoni anatulutsa phazi limodzi, dzanja lili kale m'thumba kufuna foni. Azakhali anawagwira mkono wa mkanjo.

"Mwatuluka, Bambo?"

"Ndatuluka, amayi, koma ndikuthamangira…"

"Pano si molapa?"

"Ayi."

"Ndiye mverani."

Anayambiranso pachiyambi, mawu omwewo, osadumpha ngakhale ntchentche. Anthu amene sanapeze mpata wolapa anasendera pafupi. Foni inayamba kunjenjemera m'thumba, inasiya, inayambanso. A Mafoni anaima mutu uli pansi. Thukuta linatsika m'khosi mpaka pa kolala.

"Zimenezi munaphunzira kusukulu ya unsembe kapena ayi?" anafunsa azakhali.

"Tinaphunzira."

"Ine ndinaphunzira Lolemba limodzi."

Bamboyo anapukuta nkhope ndi dzanja. Kwa kamphindi anaoneka ngati mnyamata wa zaka zanga amene wasenza katundu wa anthu atatu. "Sindinaganize, amayi. Ndinangoti zichapidwe. Ndili ndi zinthu zambiri m'mutu muno." Anandiona ndili kumbuyo kwa azakhali, n'kuchotsa maso msanga, inenso ndinachotsa anga. "Tikonza. Kuyambira Lolemba."

Anakonzadi, mwa njira yawo. Lolemba mlembi anatiitanira ku ofesi n'kutulutsa fomu yotayipa bwino. Tinsalu ta kamtanda tibwerera kwa Anasimbi, nsalu zazikulu zipitiriza ku makina. Kiyi wa kachipinda kovalira sapatsidwa. Azikalandira tinsaluto ku ofesi, mlembi atatiwerenga, n'kudinda chala. Pobweza tiwerengedwenso, adindenso. Munthu amene anasunga kiyi zaka makumi atatu ndi chimodzi osataya ngakhale ulusi, kumamudinditsa chala ngati wobwereka wilibala. Ine ndinapsa mtima, ndinati tikane. Azakhali anapaka chala inki n'kudinda mwamphamvu mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka.

"Adinditse ngakhale mphuno. Bola madzi apite pansi." Anawerenga tinsaluto ndi maso. "Tinali makumi awiri ndi tinayi. Apa tatsala khumi ndi tisanu ndi tinayi. Tinato tili m'zikwama za alendo."

Ndinaganiza kuti nkhani yathera pamenepo. Koma titatuluka mu ofesi anandiuza kuti ndikatenge khasu ndi ndowa kwawo.

"Za chiyani, azakhali?"

"Masabata asanu madzi anapita kolakwika. Ukuganiza kuti ali kuti?"

Tinapita ku ngalande dzuwa lili paliwombo. Anavula nsapato n'kutsika, matope akuda akuwafika m'akakolo. Nkhumba zinathamangira ku matabwa zikulira, zikuyesa tabweretsa chakudya. Fungo linali loti ndinamanga malaya pamphuno, koma iwo sanatseke kalikonse. Anandilozera pakamwa pa paipi.

"Pala apa. Pamwamba pokha, pamene madzi amagwera. Usachite ulesi, nzeru inali yako."

Ndinapala. Mphutsi zoyera zinatuluka m'matopemo. Tinadzadza ndowa zitatu, ndipo iliyonse azakhali anaisenza okha pamutu, madzi akuda akudontha pa diresi la ku Misa, kudutsa pabwalo lonse la parishi mpaka pakona pa njerwa. Mayi wochapa anatuluka n'kuima pakhomo, dzanja pakamwa. Pa ulendo wachitatu anatsika yekha n'kuwathandiza kutukula.

Tikukumba dzenje lokwiriramo matopewo, galimoto ya parishi inatulukira kuchokera ku ofesi. Inafika pafupi nafe n'kuchepetsa liwiro. Galasi linatsika theka. Ndinaona nkhope ya a Mafoni, foni ili pakhutu, maso ali pa ndowa. Ndinaganiza kuti atsika, ndipo mpaka lero ndimakhulupirira kuti tsiku lina adzatsika. Anakweza dzanja, analiza hutala kawiri, n'kupitirira ku geti.

Azakhali sanatembenuke. Anakhuthula ndowa yomaliza, n'kusalaza dothi ndi phazi lawo lamatope m'mbali mwa dzenje, osaponda pakati.

"Kwirira bwino, agalu angafukule. Ukatha ukasambe, ukununkha. Ndipo Lolemba ubwere m'mawa, udzaone mmene amapindira. Manambala akowo akwana pa kupinda patatu."